Chitsulo Chogogoda cha a Makina

Chiperoni chinatsika m'phiri la Michesi m'mawa umenewo, nkhungu n'kuphimba Chiringa yense. A Cornelius Makina, omwe akazi awo a Edina anamwalira zaka zinayi zapitazo, anati tsiku lafika. Popuma ntchito ku esiteti ya tiyi anapatsidwa boyila yaing'ono, mphika wowiritsira madzi, ndi rediyeta, chitsulo chotenthetsa m'nyumba ndi nthunzi. Analumikiza paipi okha, osafunsa munthu. Kenako anaika njerwa pansi pa chitsulocho, mbali yolowera paipi, kuti chipendekere kumpando wawo.

"Kutentha kuzitsetserekera kwa ine," anatero. Anasonkha moto.

Khoo! Khoo! Chitsulo chinayamba kugogoda ngati munthu wokanizidwa khomo. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti a Edina abwera kudzafunsa za mbuzi zawo. Lachitatu kunabwera a Tobias, mkulu wa mpingo, kudzapemphera. Atangoti ameni, chitsulo chinayankha kawiri, n'kuwalavulira madzi otentha pabuluku. Anatuluka osatsanzika, chipewa n'kusiya.

Mervis, mwana wa a Makina, anafika kuchokera ku Limbe nkhope ili gwaa.

"Ababa, chikagogodabe Loweruka ndikhoma nyumba ino, tipitira limodzi. Simungakhale ndi mizimu."

"Sindichoka."

A Makina anamenya chitsulo ndi hamala. Chinabwezera. Anachifunditsa bulangete, chinagogoda chofunda. Anawonjezera njerwa yachiwiri, phokoso n'kumveka mpaka kuchigayo.

Loweruka m'mawa, Mervis akulongedza malaya a bambo ake, panatulukira a Kaliati, mayi wotcheza kachasu kuseri kwa nthochi. A Makina anali atatha zaka khumi osawapatsa moni chifukwa cha ntchito yawoyo.

"Odi kuno! Ndabwera kudzaona a Edina, paja anapita ndi lichero langa."

Anagwada, n'kusuzumira pansi pa chitsulo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, inu kachasu simumwa, koma mukanadzaonako mmene timatchezera. Nthunzi ikazizira imasanduka madzi. Madziwo akufuna kubwerera mupaipi kupita kumphika kwawo, inu mwawaikira chitunda. Ndiye nthunzi yatsopano ikubwera, ikuwapeza atakhala panjira, ndewu. A Edina akanabwera akanagogoda? Munthu uja ankangolowa."

Mervis anaima ndi malaya m'manja. "Ndiye si amayi?"

"Amayi ako ankamveka ndi pakamwa, mwanawe, osati ndi chitsulo."

Akuluakulu anaona kale kuti madzi saiwala khwawa. Ukawatsekera njira ya kwawo, amagogoda kufikira utawatsegulira.

A Makina anazimitsa moto. Anadikira chitsulo chizizire, n'kuchotsa njerwa ziwiri zija, n'kuika imodzi mbali inayo. Anasonkhanso moto. Atatuwo anatchera khutu, ndipo chomveka chinali nkhuku panja basi. Kenako anatenga malaya awo m'manja mwa Mervis n'kukawapachikanso pamsomali.