Chida Chimene Chinasalaza Fupa

Panali munthu wina mumzinda wa Blantyre amene ntchito yake inali kupanga zida. Sankasula makasu kapena nkhwangwa ayi. Zida zake zinali za m'kati mwa pulogalamu ya pa kompyuta youmbira zinthu, imene munthu amaumbiramo mpando, nyumba kapena nkhope, n'kumachitembenuza pa sikirini kuti achione mbali zonse.

Mu pulogalamu yotere chinthu sichiumbidwa ndi dongo. Chimalukidwa ngati ukonde wa timaso ting'onoting'ono ta makona atatu. Timaso tikachuluka, chinthucho chimaoneka bwino, koma chimalemera, ndipo kompyuta yakale imachita nacho befu, mwinanso kuimiratu. Tikachepa, chimapepuka, koma chimayamba kuoneka cha makonamakona. Luso lonse lagona pa kuchepetsa timaso popanda kuwononga chinthucho.

Mmisiriyu anali atapanga zida zingapo: chodulira ukonde, cholumikizira mfundo zake, chosokera pamene pabooka. Koma chimene chinamutchukitsa chinali chochepetsera timaso. Chinali ndi batani limodzi lokha. Ukalidina, ukonde wolemera unkapepuka pompopompo, maonekedwe ake osasintha kwenikweni. Opanga masewera a pa foni anachikonda. Ojambula mapulani a nyumba anachikondanso. Mwiniwake ankanyadira kuti chida chake sichifunsa munthu mafunso.

Pakati pa ochigwiritsa ntchito panali mayi Mwamlima, amene ankapanga miyendo yoikirira pa chipatala china kutali ndi mzinda. Munthu wodulidwa mwendo akabwera, mayiwa ankajambula chitsa cha mwendowo ndi kamera mbali zonse, zithunzizo n'kusanduka ukonde mu kompyuta. Pa ukondewo ndi pamene ankaumbira chikho cholowetsamo chitsacho. Koma kompyuta ya pa chipatalapo inali yokalamba, ndiye asanayambe kuumba ankadina kaye batani lija.

Tsiku lina mayi Mwamlima anamuimbira foni mmisiri uja.

"Achimwene, ndili ndi wodwala amene mwendo ukumupweteka. Ndaumba chikho, chinamuchititsa bala. Ndaumbanso china, bala labwera pomwepo. Za kuno ndaziunika zonse. Chatsala ndi chida chanuchi."

"Chida chimenecho sichisintha maonekedwe a chinthu, amayi," anayankha. "Tinachiyesa pa zinthu zambirimbiri."

"Ndamva. Komabe bwerani mudzaone nokha."

Mmisiriyo anakwera basi napita.

Wodwalayo anali a Chikaonda, bambo wa kabaza amene anagundidwa ndi lole, mwendo wawo n'kudulidwa m'munsi mwa bondo. Banja lawo linkadya za njinga yomweyo, ndipo njingayo inali itangotsamira khoma kunyumba. Anavula mwendo woikirirawo, namasula nsalu. Bala linali lofiira, likuchucha madzi. Mayi Mwamlima ananena mosabisa kuti likapitirira kukumbika, adokotala adzadulanso pamwamba pa bondo, ndipo za kupalasa njinga zidzathera pomwepo.

"Gwirani apa, musaope," anatero a Chikaonda.

Mmisiriyo anaika chala m'mbali mwa balalo. Pansi pa khungu panali kafupa kotukuka, kakang'ono ngati njere ya mtedza.

"Pamenepo ndiye pamandiluma. Ndikaponda, ndimamva ngati ndaponda msomali."

Kenaka mmisiriyo anakhala pa kompyuta natsegula maukonde awiri, wolemera uja ndi wopepuka. Powaona patali anali ofanana ndithu. Atayandikitsa, anaona kuti pa ukonde wolemera kafupa kaja kanalipo, timaso titathithikana pozungulira pake. Pa wopepuka panali see, posalala. Chida chake chinaona timaso tambiri pa malo aang'ono, chinatiyesa zinyalala, n'kutisesa. Motero chikho chinaumbidwa chopanda kadzenje kolandira fupalo, ndipo thupi lonse la a Chikaonda linkatsamira pa njere imodzi ya mtedza ija.

Mmisiriyo anatembenukira kwa wodwalayo nati, "Bambo, chavulaza mwendo wanu ndi chida changa. Pepani."

"Zamveka," anayankha a Chikaonda akumanganso nsalu. "Nanga chikonzeka?"

Atabwerera ku Blantyre, mmisiri uja anafotokozera mnzake amene ankagwira naye ntchito. Mnzakeyo anamvetsera mpaka kumapeto, napukusa mutu.

"Chida chilibe mlandu, aise. Tinachipangira mipando ndi masewera, osati miyendo ya anthu. Lemba chenjezo kuti a zachipatala asamachigwiritse ntchito, basi. Koma batani usalikhudze. Anthu onsewa anabwera chifukwa cha batani limenelo."

"Mayi aja akachisiya, kompyuta yawo siitsegula ukondewo n'komwe. Ndipo ena amene akuchigwiritsa ntchito pa matupi a anthu sitikuwadziwa. Chenjezo amaliwerenga ndani?"

Mnzakeyo sanali munthu woipa, ndipo zimene ananena sizinali zabodza. Koma m'mawa mwake mmisiri uja analichotsa batanilo, natumiza uthenga kwa onse ogwiritsa ntchito chidacho kuwauza chifukwa chake.

Anayambanso kuchipanga. Chida chatsopanocho sichinkayamba ntchito chisanafunse. Chinkapatsa munthu burashi yoti apake kaye utoto wofiira pamalo amene sayenera kukhudzidwa. Chikatha kuchepetsa timaso, chinkawalitsa paliponse pamene chachotsa zambiri, n'kudikira kuti munthuyo avomereze kapena akane. Ntchitoyi inamutengera dzinja lonse. Nthawi imeneyo a Chikaonda ankayendera ndodo, kudikira kuti bala lipole.

Anthu anadandaula. Opanga masewera anati chida chayamba kuchedwetsa ntchito, ndipo ambiri anasamukira kwa amisiri ena amene zida zawo zinali za batani limodzi. Mnzake uja anapirira pang'ono, kenaka naye anachoka. Dzina la mmisiriyo silinamvekenso monga kale.

Mvula itakata, mayi Mwamlima anajambulanso mwendo wa a Chikaonda. Anaupapasa ndi zala, napaka utoto wofiira pa ukonde pamene panali kafupa kaja, ndi penanso pamene khungu linali lopyapyala. Ukondewo unapepuka, kompyuta yokalamba ija inautsegula, ndipo kafupako kanatsala pamalo pake. Chikho chinatuluka ndi kadzenje.

A Chikaonda anavala mwendowo naimirira. Anaponda pang'ono, mwamantha. Anapondanso mwamphamvu. Anayenda m'khonde la chipatala mpaka kumapeto n'kubwerera, naima pamaso pa mayi Mwamlima.

"Palibe chikuluma, amayi."

Pofika nthawi yokolola anali atayambanso kunyamula anthu pa njinga, ndipo bala silinabwererenso.

Tsono inu amene mwakhala pano kuphunzira kupanga zida, mvetsani. Chida chilichonse chopeputsa ntchito chimasankha choti chitaye, ndipo amene amachiphunzitsa kusankhako ndi inu. Inuyo mudzakhala pa mpando mumzinda, chinthu chili pa sikirini, chikuoneka bwinobwino. Amene adzachivale, kapena kuchikwera, kapena kugona pansi pake, simudzamuona. Musalole chida chanu kutaya kanthu mwakachetechete pa chifukwa choti n'kakang'ono. Chiphunzitseni kufunsa, ngakhale anthu akuthaweni chifukwa cha kuchedwa kwake. Ndipo mukadzamva kuti chapweteka munthu, musayambe ndi kuchiikira kumbuyo. Nyamukani, mukaike chala pamene pakupwetekapo.