Duwa Lofiira la ku Chitunda cha Miyala

Panali munthu wina, wosema mipini, amene mwana wake woyamba anabadwa atafa kale. Monga mwa mwambo, amayi okhaokha ndiwo anakaika kamtemboko ku chitunda cha miyala, popanda kulira, popanda mtanda. Bamboyo sanauzidwe malo, ndipo sanafunse.

Mvula inakana zaka ziwiri. Udzu unapsa, mitsinje inasanduka mchenga. Koma mkazi wa munthuyo ankakwerabe chitundacho, dzuwa lili pamutu. Tsiku lina mwamunayo anamutsatira chapatali. Anamuona atagwada pafupi ndi duwa lofiira lakutchire, la mtundu uja umaphuka chaka ndi chaka popanda woliwaza madzi. Timbalame ta choso tinkalizungulira, kuyamwa timadzi take.

Anamumvera chisoni. Mtunda wonsewu chifukwa cha duwa? Munthuyu anali wa mtima wabwino, koma manja ake ankathamanga kuposa pakamwa. M'mawa mwake anatenga khasu, nakumba duwalo ndi mizu yomwe, nafotsera dzenje bwinobwino, nadzalibzala pakhomo.

Mkaziyo pochokera kumjigo anaima chilili, chidebe chili pamutu.

"Bambo, duwali mwalizula pati?"

"Kuchitunda kuja. Ndati upumitseko miyendo."

"Ndinalibzala ndine, kumutu kwa mwana."

Anakwera onse awiri. Koma mwala uliwonse unali wofanana ndi unzake, ndipo mbuzi zinali zitapondaponda paliponse. Malowo sanapezekenso.

Duwa lija silinafote. Linaphuka mofiira kuposa kale, ndipo timbalame tonse tinasamuka kuchitunda kudzakhala pakhomopo. Mkaziyo analeka kukwera. Ankangokhala pafupi ndi duwalo, akung'ung'udza nyimbo yogonekera mwana. Masana ena mwamunayo akutuluka m'nyumba, mkaziyo anakweza dzanja.

"Pondani pang'onopang'ono, bambo. Mwamubweretsa nokha, ndiye musamudzutse."

Timbalame tija sitinathawe. Tinangoima m'malere, kumuyang'ana. Bamboyo anagwidwa ndi mantha, ndipo mpaka ukalamba wake ankadutsa pakhomo pa nyumba yake yomwe monyang'ama.

Inu mukundimvanu, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthuyu sanachite nkhanza. Anachita chifundo chosafunsa. Mukaona mnzanu akugwadira kanthu kooneka kachabe, khasu lanu liyambe ladikira. Mufunseni kaye chimene chagona pansi pake.