Sipanala ya a Tembo pa Damu la Mulungushi

Pakhonde la a Stanislaus Tembo ku Chililalila palibe chinthu chimene chinagonapo chosamasulidwa. Mkuluyu anagwira ntchito ya ufitala, yomanga ndi kukonza makina, ku njanji zaka makumi atatu, monganso bambo awo, ndipo atapuma pantchito manja anakana kupuma nawo. Wailesi, njinga, loko wa pachitseko, zonse zinalawa sipanala yawo, zodwala ndi zamoyo zomwe.

Tsiku lina mwana wawo Natalie, yemwe ndi namwino m'tauni ya Kabwe, anabwera ndi thabwa loyandama lokhala ndi thanga, limene anamusiyira mlimi wina posamuka. Kunsi kwa thabwalo kumamangidwa foyilo, mwendo wautali wa mapiko awiri, lalikulu kutsogolo, laling'ono kumbuyo. Mphepo ikakankha thanga, mapikowo amanyamula thabwa n'kumaliyendetsa pamwamba pa madzi. Natalie ankadziwa kale kuyenda ndi thanga pa damu la Mulungushi, koma kuuluka anali asanaulukepo. Kumapeto kwa Ogasiti kunali mpikisano wa ongoyamba kumene, ndipo m'buku la maina a opikisana ankalembamo yekhayo amene waonetsa kuti amauluka osagwa. Mtima wake wonse unali pamenepo, ndipo kunatsala masabata atatu okha, iye n'kumapeza mpata Loweruka lokha.

Loweruka loyamba, a Tembo akuonerera pagombe, thabwa la Natalie linkadzuka pang'ono n'kukhalanso pamadzi. Mayi Doreen Mubanga, amene amaphunzitsa masewerawa padamupo, anaona kuti zatsala pang'ono kutheka.

"Ba Tembo, chinjani chintu chimozi chabe, pang'ono, mwana ayese," anatero mayiwo. "Mukagwila vonse pamozi, simuzaziba chamene chasebenza."

A Tembo anaseka mpaka kugwira chipewa. "Mayo, ine nenze kumanga ma injini ya sitima. Manje ka pulanga aka kanganivute?"

Tisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Koma ku njanji, bogi, chimango chonyamula mawilo a sitima, ikalowa mu shedi amaikonza zonse kamodzi, chifukwa siibwera kawiri. Nzeru imeneyi ndi imene anapita nayo pakhonde. Anakankhira foyilo kutsogolo mpaka pothera mizere yake, anakokera phazi la thanga kumbuyo, kenako anadula kachitini n'kukalowetsa pansi pa phiko laling'ono kuti lipendekeke. Chilichonse mwa zitatuzi pachokha chimawonjezera mphamvu yonyamula thabwa. Iwo anapereka zonse zitatu, ngati munthu wothira mchere katatu mu ndiwo imodzi. Pamene zinthuzo zinali poyamba sanaikepo ndi chizindikiro chomwe.

Loweruka lachiwiri mphepo inali yabwino. Natalie atangokoka thanga, thabwa linalumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, mapiko anatulukira kunja, iye n'kugwa chagada. Anayesa kanayi, kanayi konse anamwa madzi a damu. Anatuluka mlomo utang'ambika, akutsimphina ndi bondo.

"Badadi, mwachinja chani?" anafunsa.

"Vonse."

"Manje chamene chalakwa ni chiti?"

A Tembo anayang'ana thabwa, anayang'ana kumwamba. Munthu wina akanagonja pomwepo, koma mkuluyu manyazi anawasandutsa liuma. Sabata imeneyo anabweza zonse zitatu kamodzinso, ndipo posowa chizindikiro anapitirira nazo mbali inayo, kachitini n'kukalowetsa mbali ina ya phiko. Loweruka lachitatu thabwa linakanirira pamadzi, mphuno pansi, ngati khasu m'dothi lonyowa. Natalie anapopa thanga mpaka manja kuchita matuza, koma silinadzuke. Mayi Mubanga anatseka buku la maina, la Natalie mulibe.

Tsiku la mpikisano Natalie anakhala pamwala n'kumaonerera anzake asanu akudutsa pamwamba pa madzi. Sanakalipe, sanadandaule. Pobwerera kunyumba anayendetsa galimoto maso ali pamsewu, ndipo kufatsa kumeneko kunawapweteka a Tembo kuposa mawu alionse. Anadziwa kuti mwana wawo sanalephere yekha, anamulepheretsa ndi iwo.

Seputembala atalowa, mphepo inayamba kuchepa ndipo anthu anasiya kubwera kudamu. A Tembo ndi amene anamupempha Natalie kuti apitenso. Atafika anavula chipewa pamaso pa Mayi Mubanga.

"Mayo, nipunziseni. Niyambile pati?"

Anayamba ndi kuchotsa kachitini kaja, china chilichonse osachikhudza. Natalie anapita, anabwera. "Ikali kulema kusogolo," anatero. A Tembo anasuntha foyilo pang'ono, n'kulemba mzere ndi pensulo. Natalie anapitanso, anabwera. Mkuluyu anasunthanso. Kenako anasiya foyilo n'kugwira phazi la thanga lokha. Ulendo uliwonse mkuluyu ankafunsa kaye amene wakwerayo kuti miyendo yake yamva chiyani, chinthu chimene bogi sinawauzepo pa zaka zonse zija. Dzuwa linawawotcha pakhosi, manja ankayabwa kufuna kupotokola zambiri, koma anadzigwira.

Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri phokoso la madzi linangoti zii. Thabwa linadzuka mofatsa n'kukhazikika m'mwamba, Natalie ali chilili, n'kulowera kutsidya osagwedezeka. Panalibe khamu, panalibe woimba m'manja, koma anthu awiri okha pagombe. A Tembo anasangalala, komanso anamva chisoni, poona kuti zimenezi zikanatheka mpikisano usanachitike.

Natalie atabwerera, mkuluyu analowa m'madzi ndi nsapato zomwe kukagwira thabwa.

"Mwana wanga, sembe ninamvela, sembe unauluka pamenso pa bantu."

"Chaka cha mailo, Badadi," anatero Natalie akupukuta kumaso, kunena mpikisano wa chaka chamawa. "Koma sipanala izayamba kugona ku nyumba kwanga."

A Tembo anaipereka ndi manja awiri. Mpikisano unali utapita, ndipo palibe bawuti imene akanamanga kuti ubwerere. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.