Kabokosi ka Waifai M'khwapa mwa a Mvuu

Kalekale, koma osati kale la makolo athu ayi, kale la dzanadzanali, nyama za m'mudzi wina zinasonkherana mtedza ndi uchi n'kugula kabokosi ka waifai. Ana inu mukukadziwa. Akuluakulu amene simukukadziwa, ndi kabokosi kothwanima timagetsi, komwaza netiweki kuti foni ndi laputopu zilankhule ndi akutali.

Sola yopereka magetsi inali padenga pa a Mvuu okha. Ndiye a Mvuu anati, "Bweretsani kuno, ndikusungirani." Anasungadi. Kusunga kwake, anatseka chitseko, nasintha pasiwedi, n'kumaonera okha mpira pa laputopu yawo.

M'mudzimo munali Gologolo, mayi wamng'ono thupi koma wamkulu pakamwa. Mwana wake Ndaziona anakwatiwa kutali, kuseri kwa mapiri, ndipo anali atangobereka kumene. Tsiku lina Namzeze, woyendayenda uja, anatera pakhomo ndi uthenga.

"Loweruka masana khanda lituluka m'chikuta. Mukaonekera pa vidiyo, dzina mutchula ndinu. Mukapanda kuonekera, apongozi a Ndaziona akonza kale lawo. Akuti Mwatitaya."

Mwatitaya! Gologolo anangoti khwii, kukhala pansi. Zinamupweteka kwambiri. Mdzukulu wake woyamba, moyo wonse azidzaitanidwa ndi dzina lonyoza agogo ake? Anathamangira kwa a Mvuu kukapempha.

"Odi!"

"Kulibe anthu!" anayankha a Mvuu ali m'katimo.

Komatu a Mvuu nawonso anali pa mavuto awo. Netiweki inkaduka. Bola ikanadukiratu, munthu n'kudziwa chimodzi. Mpira ukakhala wozizira, inkayenda myaa. Ukangofika pokoma, wosewera watsala yekha ndi goloboyi, zii! Kamkombero kaja pakati pa galasi, zungu-zungu, zungu-zungu. Pobwerera netiweki, osewera akukumbatirana, chigoli chalowa kale. Chisungire kabokosi, a Mvuu anali asanaonepo chigoli ndi chimodzi chomwe.

Gologolo anakwera padenga n'kusuzumira pa kabowo. Zimene anaona, anatsala pang'ono kugwa ndi phwete. Mpira ukakoma, a Mvuu ankakuwa. Akakuwa, anansi ankathamangira pawindo. Akaona mitu pawindo, a Mvuu ankati, "Abwera kudzamwa netiweki yanga!" n'kutola kabokosi, fwaa, m'khwapa. Tsono khwapa la mvuu mukulidziwa inu? Nyama yokhayokha, mafuta okhaokha. Ngakhale mphepo sidutsamo. Netiweki, zii! Anansi akabalalika, kabokosi kankabwerera patebulo, netiweki n'kubwereranso.

"Mwaona?" ankatero a Mvuu. "Akuba!"

Loweruka linakwana. Linali tsiku lomwelo limene Ang'ona ndi Anjati ankalimbirana chikho. Gologolo anagogoda.

"Odi, bwana. Lero sindikupempha kanthu. Ndangomva kuti laputopu yanu ikudwala, ndiye ndati ndidzazonde matenda."

Chitseko chinatseguka, kwee.

"Umadziwa zimenezi iwe?"

"Pang'ono, bwana. Poyamba zimitsani zonse, muyatsenso."

Anazimitsa, anayatsanso. Mpira unayamba, myaa. Njati wina anathawa nawo mpira. A Mvuu anakuwa. Mitu pawindo. Kabokosi m'khwapa. Zii! Zungu-zungu, zungu-zungu.

"Kapena laputopu yatalikirana ndi kabokosi," anatero Gologolo. "Ziyandikizitseni."

"Kuyandikiza kwinanso kotani? Kali m'khwapa mwangamu!"

Gologolo analuma mlomo kuti asaseke. Anapukusa mutu ngati wamva za maliro.

"Ndiye ndi akubadi, bwana. Mwanena zoona. Kabokosi aka kali pansi kwambiri, aliyense wodutsa akungotapako. Tikapachike pamwamba pa mkuyu uli pakhomowu, posafika dzanja la munthu."

"Posafika dzanja?"

"Ngakhale limodzi, bwana."

A Mvuu anamwetulira mpaka mano onse panja. Gologolo anabereka kabokosi kumsana, chingwe cha magetsi pakamwa, kwee-kwee-kwee, mpaka kunsonga. Anakamangirira ndi luzi, n'kutsika. Laputopu anaitulutsa, naiika pampando pansi pa mtengo.

"Tsopano laputopu iiwale zakale, tilembenso pasiwedi."

A Mvuu anadina ndi chala chawo, chala chotupa ngati dzungu. Atatopa ndi kufufuta anati, "Zala zanga zikunjenjemera ndi mpirawu."

"Ndinong'onezeni, ndilembe ine."

A Mvuu anayang'ana uku ndi uku, nawerama, nanong'ona: "ZANGA ZOKHA!"

Kunong'ona kwa mvuu, abale anga! Nkhuku zinabalalika. Mbale zinagwa pathandala. M'mudzi monse mafoni anayamba kulira, tii-tii, tii-tii, mauthenga a chaka chatha akulowa ngati ngumbi.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa a Mvuu.

"Mbalame, bwana. Taonani timizere ta netiweki, tadzaza tonse!"

Mpira unayenda, myaa. Njati uja anathawanso nawo. A Mvuu anakuwa. Anansi anathamanga, n'kuzungulira mpando. A Mvuu anatambasula dzanja kuti atole kabokosi, koma anagwira mphepo. Anayang'ana kumwamba. Analumpha, phi! Analumphanso, phi! Nkhuyu zokha ndi zimene zinayoyoka.

"Bwana, tembenukani! Chigoli!"

Anatembenuka. Ndi maso awo enieni anaona mpira ukuuluka, goloboyi akugwera kwina, ukonde gwede-gwede. A Mvuu analira ngati mwana. Anakumbatira amene anali pafupi, ndipo mwatsoka anali Nungu, koma mingayo anaimva mawa lake.

"Anthu achuluka, bwana," anatero Gologolo. "Ndikatsitse kabokosi?"

"Kakhudze uone!"

Osewera atapita kokapuma, Gologolo anayang'ana dzuwa. Linali litapendeka. Kuseri kwa mapiri mwambo unali utayamba.

"Kwatsala kuyesa kumodzi, bwana. Kuti tidziwe kuti yachiradi, tiimbire munthu wakutali. Tikapanda kutero, ikhoza kudzaduka pa penate."

"Imba msanga!"

Anaimba. Zungu-zungu. Gologolo anagwira mchira wake ndi manja onse. Zungu-zungu. Kenako galasi linayera, mbee! Mphasa, anthu, Ndaziona atakhala chogwetsa nkhope. Apongozi ake anali ataimirira, khanda lili m'manja, akukonza kukhosi.

"Popeza akuchikazi sanaoneke, mwanayu dzina lake ndi Mwati..."

"Imani pomwepo!" anakuwa Gologolo.

"Amayi!" anatero Ndaziona, misozi chu-chu-chu.

Apongozi anasendera pafupi ndi foni, nakwinya mphuno. "Mwaoneka nokha? Mtundu wanu uli kuti?"

Apo n'kuti a Mvuu akuwerama kuti aone chikuchedwetsa mpira n'chiyani. Nkhope yawo inadzaza galasi lonse, mphuno ngati mitondo. Apongozi anabwerera m'mbuyo, n'kukhala pansi osafuna.

"Amenewo ndani?"

"Amalume ake a mwana," anatero Gologolo. "Enawo ali kumbuyoku."

Mudzi wonse unakankhana kuti uonekere, Nungu, Kamba, Nyani ndi ana ake, onse akugwedeza manja. Ndaziona anakweza khanda. Kanali kakang'ono, kamaso ngwee, kamchira kosamera bwino. Gologolo, mayi wa pakamwa uja, anasendera pafupi ndi galasi. Anati, "Sitinakutaye, mwana wanga. Dzina lako ndiwe Taonana."

Nthungululu zinalira kuno, zinalira kuseri kwa mapiri. Gologolo anavina mpaka fumbi koboo.

"Amalume," anatero Kamba, "mpira wayambiranso."

"Udikire," anayankha a Mvuu, mphuno ili pagalasi. "Tamutembenuzani mwanayo ndione timapazi. Mwaona tsaya ilo? Langa lenileni!"

Nthano yanga yathera pamenepa, amene anakwirira chinangwa paphulusa akachifukule chisanapse. Koma inu a netiweki yodukaduka, musanayambe kutukwana anansi, kwezani kaye mkono muone chimene mwapana m'khwapa.