Munthu Amene Ankaopa Kuwononga Marauta Ake

Panali munthu wina ku Balaka, dzina lake Lemekezani. Ankagwira ntchito pa kashopu ka fotokope pafupi ndi depoti ya basi. Makina akakana ndiye ankawakonza, ndipo a m'maofesi oyandikana anazolowera kumuitana kompyuta ikavuta.

Tsiku lina kunafika anthu a kampani ina yolumikiza makompyuta m'zipatala. Mkulu wawo anamuona akukonza makina, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Achimwene, manja muli nawo. Koma ife sitilemba munthu wopanda satifiketi ya za netiweki. Mukaipeza chaka chisanathe, malo alipo."

Lemekezani anafunsafunsa kwa odziwa. Onse anamuuza zofanana. Mayeso amenewo sumakhoza ndi buku lokha. Umafunika zipangizo zophunzirira kunyumba: marauta awiri, amene amalondolera uthenga kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina, ndi swichi imodzi, imene imalumikiza makompyuta a malo amodzi. Umafunikanso mayeso oyeserera. Zatsopano sakanazikwanitsa. Ngakhale zakale zomwe zinali kutali ndi thumba lake.

Mkazi wake, Nachisale, anali ndi makina osokera amene anamusiyira malemu mayi ake. Ankasokera mayunifomu a ana asukulu pakhonde. Anamvetsera madandaulo a mwamuna wake masiku atatu. Tsiku lachinayi Lemekezani pobwera ku ntchito anapeza pakhonde pali mpando wokha.

"Bambo a Yankho," anatero mkaziyo, "makina ndagulitsa, pitani mukagule zinthu zanuzo. Mukadzayamba ntchito mudzandigulira ena."

Ku Limbe kunali mayi wina wachikulire, mayi Chilambe, amene anagwira ntchito ya netiweki zaka zambiri asanapume. Tsopano ankagulitsa zipangizo zimene makampani anasiya kugwiritsa ntchito. Lemekezani atafika kumeneko, mayiwo anamutulutsira marauta awiri okandikakandika ndi swichi imodzi yothothoka utoto. Kuti amutsimikizire kuti n'zamoyo, anazilumikiza pamaso pake. Zala zawo zinayenda pa kompyuta mphindi zochepa chabe, timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira, ndipo uthenga unachoka pa kompyuta imodzi n'kukafika pa inzake. Anamupatsanso mayeso oyeserera pa kafulashi.

Atafika nazo kunyumba, Lemekezani anazilumikiza ku makompyuta awiri akale obwereka ku shopu, ndendende monga anaonera. Zinagwira. Anaitana mkazi wake kuti adzaone timagetsi tija, ndipo anaimirira onse awiri n'kumayang'ana.

Koma kuyambira tsiku limenelo mtima wake unagwidwa ndi mantha. Akayang'ana marauta, ankaona makina a apongozi ake. Buku linkati sintha ichi uone chimene chichitike. Iye ankaika zala pa kompyuta n'kuzibweza. Ankaganiza kuti: "Ndikasokoneza zimene anaika mayi aja, ndani adzandibwezeretsere? Ndidzamuuza chiyani Nachisale?" Choncho m'mawa uliwonse ankaziyatsa, n'kuona kuti zikugwira, n'kuzizimitsa. Ankazipukuta fumbi. Anazivindikira ndi chitenje chatsopano, ndipo mwana wawo Yankho sankaloledwa kuyandikira tebulolo.

Mphamvu zake zonse anazipereka ku mayeso oyeserera, chifukwa amenewo sakanawonongeka. Sanali waulesi. Ankayankha mafunso pa shopu kasitomala akatalikira, ankayankha m'minibasi, ankayankha akudikira chakudya. Poyamba ankalakwa ambiri. Patapita miyezi itatu sankalakwanso. Funso likangoyamba, yankho anali atalidziwa kale asanafike kumapeto kwake. Iye anayesa kuti kumeneko ndiye kudziwa.

Tsiku la mayeso anapita ku Blantyre atavala shati yoyera. Mafunso oyamba anali ngati aja ankawadziwa, koma mawu ake anali atasinthidwa, ndipo manambala anali ena. Kenako panabwera gawo lina. Anamuonetsa netiweki yosagwira, n'kumuuza kuti apeze vuto ndi kulikonza. Lemekezani sanadziwe poyambira. Anali asanaonepo netiweki yosagwira. Yake inkagwira tsiku lililonse.

Zotsatira zinatuluka pomwepo. Analephera.

Kunyumba Nachisale sanamunene. Anamuikira madzi osamba monga mwa nthawi zonse. Zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa. Anakhala sabata yathunthu osayang'ana tebulo lija. Kenako anamanga zipangizo zonse m'katoni yake, n'kukwera nazo basi ya ku Limbe. Anali atatsimikiza zozibweza kuti akawombole makina osokera.

Mayi Chilambe anatsegula katoni. Anaona marauta akuwala kuposa mmene anachokera. Anawayatsa, n'kuyang'ana m'kati mwake pa kompyuta. Zonse zinali monga anazisiyira iwo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

"Mwanawanga, zinthuzi mwaziwonongapo kangati?"

"Ayi mayi, n'kamodzi komwe. Ndazisamala kwambiri."

"Ndaona," anatero mayiwo. Sanamuseke. Anakhala pansi n'kumufunsa chifukwa chake, ndipo iye anawauza za makina osokera. Anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ngati mukufuna kubweza, ndilandira," anatero. "Koma mudziwe chinthu chimodzi. Chitsulochi simungachiphe ndi zimene mukulemba. Chimene mukuopa kufufuta ndi ntchito ya manja anga, ndipo ntchito ya manja anga sidzakulowerani m'chipinda cha mayeso. Mkazi wanu sanagulitse makina ake kuti muzisunga nzeru za ine."

Anamutembenuzira kompyuta ija. Anamuuza lamulo limene limafufuta zonse zimene zinaikidwa mu rauta, n'kuisiya yopanda kanthu. Iwo anapinda manja.

Lemekezani analemba lamulolo pang'onopang'ono. Rauta inamufunsa ngati watsimikiza. Anayang'ana funsolo nthawi yaitali. Panja basi ya ku Balaka inali kuitanira anthu, ndipo akanatha kusiya katoni ija n'kukakwera. Anadina.

Anachita chimodzimodzi ndi rauta yachiwiri. Atazizimitsa n'kuziyatsanso, timagetsi tobiriwira ta pakati pa marauta sitinayake. Uthenga sunadutse.

"Tsopano ndi zanu," anatero mayi Chilambe. "Mangani katoni yanu. Musandiimbire foni sabata ziwiri zisanathe."

Masiku otsatira anali owawa. Lemekezani ankalemba malamulo, rauta n'kumukanira. Tsiku lina anataya masana onse a Loweruka kufufuza vuto, n'kupeza kuti anasemphanitsa manambala awiri. Tsiku lina linali waya wolowetsedwa pa bowo lolakwika. Kawiri konse magetsi anazima asanasunge zimene analemba, n'kuyambiranso pachiyambi. Panali tsiku limene anatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, atagwira mutu. Nachisale anamupeza pamenepo.

"Zawonongeka?" anafunsa.

"Ndaziwononga ndine."

"Ndiye mukonzanso ndinu," anatero, n'kubwerera kukachapa.

Pa tsiku la khumi ndi chimodzi, Lamlungu atabwera ku tchalitchi, uthenga unachoka pa kompyuta imodzi n'kukafika pa inzake. Lemekezani sanaitane munthu. Ankadziwa njira yonse imene uthengawo unadutsa, khomo ndi khomo, chifukwa khomo lililonse linamutsekerapo. Kenako anafufutanso zonse, n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri zinamutengera masiku awiri. Wachitatu, ola limodzi.

Pambuyo pake anayamba kupempha mkazi wake kuti azisokoneza zinthu iye ali ku ntchito. Nachisale sankadziwa za netiweki, koma kuzula waya ndi kusintha nambala ankatha, ndipo ntchitoyo anaikonda. Mayeso oyeserera aja Lemekezani anawabwereranso, koma mwa njira ina. Funso lililonse ankalimanga pa marauta ake kuti aone ndi maso chifukwa chake yankho lili lotero.

Chaka chinatha asanakonzeke. Malo a ku kampani ija anatenga munthu wina, ndipo zinamuwawa. Analembanso mayeso mwezi wa Malichi, n'kukhoza. Ntchito anaipeza patapita miyezi ina isanu, pa sukulu ina ya aphunzitsi. M'sabata yake yoyamba netiweki ya pasukulupo inafa, ndipo anthu anadzaza pakhomo pa ofesi yake. Iye anakoka mpando n'kukhala pansi, mtima uli m'malo.

Tsono inu amene mwayamba maphunziro a za netiweki lero, mverani chifukwa chake ine mphunzitsi wanu ndakusimbirani nkhaniyi. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simunafike pano nokha. Pali wina kwanu amene anadzimana kuti inu mukhale pa mpando umenewo, ndipo n'chifukwa chake mukuopa kulakwa. Manthawo ndi a munthu wabwino, sindikuwanyoza. Koma musalole kuti akumangeni manja. Mukaloweza mayankho a ena, mudzadziwa mayankho okhawo. Lakwitsani pano, pamene kulakwa kukungokudyerani masana amodzi, pasanafike tsiku limene chipatala chonse chidzakhale chikudikira inu. Zipangizo zili patsogolo panuzo zikugwira bwino, ndazilumikiza ndine m'mawa uno. Yambani ndi kuzifufuta.