Manijala Amene Anabweza Tsiku M'mbuyo

Panali munthu wina, dzina lake tilisiye, amene anali manijala pa depoti ya mankhwala a ziweto. Mwini depotiyo ankakhala ku Joni, ndipo zonse anasiya m'manja mwa munthu ameneyu.

Pa depotipo panali kompyuta yaikulu. Osati izi zonyamula m'chikwama ayi, koma chimakina chofika m'chiuno, chokhala m'chipinda chakechake chozizira. Timakompyuta ta pakauntala tonse tinkayamwa kwa icho. M'kati mwake munali pulogalamu yoyang'anira katundu. Inkadziwa katoni iliyonse ya katemera wa chitopa, tsiku lolowa ndi tsiku lotha mphamvu. Katoni ikatha mphamvu, makina ankakana kuitulutsa.

Pulogalamuyo sinali yaulere. Eni ake anaipereka yongoyesera, masiku makumi asanu ndi awiri. Masikuwo akatha umagula laisensi, iwo n'kukupatsa nambala yotsegulira. Ukapanda kutero imadzitseka yokha, ntchito yonse n'kuima.

Ndalama ya laisensi bwana anatumiza ndithu. Koma munthu wathuyu anali ndi kamkazi kena ku Luchenza, kokonda sofa. Ndalama ija inasanduka sofa. Mukundimva.

M'mawa uliwonse makina ankalemba masiku otsala. Khumi. Asanu ndi anayi. Atatsala awiri, manijala anatuluka thukuta m'chipinda chozizira chija. Makina akatseka bwana aimba foni, ndipo ntchito, nyumba ya kampani ndi ulemu zipitira limodzi. Ndiye anaganiza kuti makinawa saona dzuwa, tsiku amachita kuuzidwa. Anakhala pansi, nabweza kalendala ya makina kuchoka mu Ogasiti kubwerera mu Juni. Masiku otsala anachulukanso. Anatuluka akuimba mluzu.

Woyamba kuona anali Nangondo, mayi wosunga katundu.

"Abwana, malisiti akutuluka ndi mwezi wolakwika."

"Konzani ndi bolopeni, mayi."

"Nanga katoni za pansi mu firijizi? Pakatoni alemba kuti zinatha mphamvu kumayambiriro kwa Ogasiti, koma makina akuti zituluke."

"Inuyo ndi makinawa, anapita patali kusukulu ndani?"

Nangondo anali ndi ana anayi. Anatulutsa katoni zija.

Manijala anabwezanso tsiku kachiwiri, kenako kachitatu. Kunja kunafika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma m'makina munali mukadali Juni.

Azimayi oweta nkhuku anagula timabotolo ta katemera. Anadonthezera nkhuku zawo m'diso, kadontho kamodzi nkhuku imodzi, monga alangizi anawaphunzitsira. Mitima inakhala pansi. Chitopa chitabwera ndi mphepo yotentha, nkhuku zinayamba kuodzera, mapiko kugwa, makosi kupindika. Mayi wina wamasiye anataya khola lonse m'masiku atatu, ndipo nkhukuzo ndi zimene ankaphunzitsira ana. Midzi inanunkha nthenga zowotcha.

Lolemba lina azimayi aja anafika pa depoti atasenza matumba. Sanakuwe, sanatukwane. Anakhuthula nkhuku zakufa pakhomo, mulu wofika m'mawondo, n'kukhala pansi. Wamasiye uja anayala lisiti lake pachitenje, mwezi utafufutidwa ndi bolopeni.

Bwana anachita kubwera pa ndege. Anaitana katswiri wochokera kwa eni pulogalamu, mayi woonda wa magalasi. Manijala anayamba kufotokoza kuti makina a azungu sapirira kutentha kwa kuno, n'chifukwa chake asokonezeka mutu. Mayiyo sanatsutse. Anangotsegula pamene makina amasunga chilichonse chimene munthu wachita pa iwo, nawerenga mokweza, chitseko chili chotsegula, azimayi aja akadali pakhomo. Tsiku linabwezedwa katatu. Pambali pa ulendo uliwonse panali dzina la amene analowa m'makinamo.

"Bambo," anatero mayiyo, "tsiku munawanamiza, anakhulupirira. Koma analembanso kuti wowauza ndi inu."

Apolisi atabwera kudzatenga manijala, anamudutsitsa pakati pa azimayi ndi ntchentche. Palibe anasuntha mwendo kuti amupatse njira, moti anachita kuponda pa nkhuku. Nangondo naye anachotsedwa ntchito sabata yomweyo, poti dzanja lotulutsa katoni linali lake. Ana a wamasiye uja sanabwerere kusukulu teremu yotsatira.

Anzanga, chinthu akakupatsani kuti muyesere, chili nalo tsiku lake, ndipo tsikulo likafika mugule kapena mubweze. Mukanamiza kalendala kuti mubise manyazi anu, dziwani kuti kalendala yomweyo akuidalira anthu amene simunawaonepo, ndipo oyamba kulira ndi iwowo. Ndipo inu amene mwawerenga ndi maso anu pakatoni kuti chinthu chatha mphamvu, musachinyamule chifukwa wamkulu wanena. Tsiku la mlandu adzafunsa amene anatsegula firiji.