Dzina Lokhala ndi Mbedza

Pa msika wina, kuseri kwa chigayo, padali bambo wina wotayipa makalata a anthu pakompyuta. Munthuyu adali wosakhazikika. Akakhala pampando, miyendo inkavina yokha. Zala zake zinkathamanga mpaka mabatani kufuka utsi, ndipo akuti masana ankawakupiza ndi chipewa kuti azizire. Ine sindidaone, koma amene adandiuza ndi munthu wopemphera.

Kompyuta yakeyo idali ndi khalidwe labwino. Iwe uli mkati molemba, iyo inkasunga yokha kope la zimene walembazo, mphindi zisanu zilizonse, kuti magetsi akazima usalire. Inkangopempha chinthu chimodzi: uipatse dzina lomveka loti ilembe pakopepo. Dzina likakhala ndi chizindikiro cha funso, chija chopindika ngati mbedza, inkakana. Osasunga.

Tsiku lina m'mawa adafika alamu ake, thukuta lili kamukamu. Kumudzi kudagwa maliro a azakhali awo, mayi Nangondo, ndipo mbiri ya malemu idali isanalembedwe.

"Alamu, tayipani msanga! Manda akumba kale, lole ikudikira ine."

Alamu aja akunena, bamboyo akulemba. Adaipatsa dzina lakuti "mbiri yomaliza". Asanafike patali, alamu adakumbukira kuti chaka chobadwa alakwitsa. Adakonza, nkusintha dzina: "mbiri yomaliza yeniyeni". Alamu adakumbukiranso china. Apo bamboyo adatopa, nkulemba monyoza: "mbiri yomaliza?"

Pompo kabokosi ka uthenga kadatulukira pagalasi la kompyutayo. Kakuti dzinali sindingalisunge, chotsani funsolo.

Kuchotsa kambedzako idali ntchito ya chala chimodzi. Koma panja lole idaliza hutala. Bamboyo adakatseka kabokosiko ngati akuingitsa ntchentche.

"Kakuti chiyani kameneko, alamu?"

"Kamangolongolola. Ndikonza tikamaliza. Pitirizani, ana adali angati?"

Adalemba za ana asanu ndi awiri, za zidzukulu, za umvano wa amayi, za ana amasiye amene mayi Nangondo adalera. Kabokosi kadabweranso kachiwiri, adakatseka. Kachitatu, adakatseka osakawerenga nkomwe.

Atangotsala mzere umodzi, chigayo chidangoti zii. Galasi bii. Magetsi apita.

Bamboyo adazungulira tebulo kasanu ndi kawiri, akutuluka, akulowa, akuyang'ana mawaya ngati angawakame. Magetsi atabwera adathamangira kumakope aja. Adapeza lomaliza kusungidwa, lija la "yomaliza yeniyeni". Mudali mizere itatu basi: adabadwa, adalowa sukulu, "adakwatiwa ndi". Pothera pomwepo. Ngakhale dzina la mwamuna mudalibe.

Lole idalizanso hutala. Alamu adatenga pepala la mizere itatulo, nkuliyang'ana, nkumuyang'ana.

"Zaka makumi asanu ndi atatu, alamu. Ndikawerenge izi pamaso pa anthu?"

Tsiku limenelo miyendo ya bambo uja idaleka kuvina.

Abale anga, Mulungu ndi wosunga wokhulupirika. Satopa, saiwala. Koma ambirife dzina lathu tidalipachika mbedza. Ndine wake? Nditembenuke chaka chino? Kapena tikakolola? Mawu ake amatulukira ngati kabokosi kaja, lero kutchalitchi, mawa pamaliro a mnzako, ife nkumangotseka, ati tili pa changu. M'buku la moyo salembamo dzina lokhala ndi funso. Chotsani kambedzako lero, magetsi akadayaka.